Paipi ikadutsa m'dambo, ntchito imakhala isanathe

Mliri wa kolera umene unakantha Malawi kuyambira 2022 mpaka 2023, n'kupha anthu oposa 1,700, sunalambalale boma la Nkhata Bay, ndipo unaonetsa poyera kuti midzi ya m'mbali mwa nyanja ikufunika madzi a m'mipope. Bungwe la Northern Region Water Board, limene limapereka madzi pa boma la Nkhata Bay ndi ku Chintheche, linakuza ntchito yake ndi thandizo la African Development Bank ndi OPEC Fund pa pulojekiti imene inavomerezedwa mu 2018. Zimenezi n'zoyamikika, komabe paipi imayenda pansi pa nthaka, ndipo m'dera la mvula yambiri ngati ili njira yake singalephere kudula madambo.

Dambo ndi malo otsika amene amasunga madzi a dzinja ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe, uku akusefa matope asanafike m'nyanja. Dambo la Limphasa, kufupi ndi Mpamba, limadyetsa mabanja ambiri olima mpunga, ndipo madzi ake amathera mu mtsinje wa Luweya, umene nsomba za mpasa ndi sanjika zimakwera pokaswana. M'mabango a kumathiriro a mitsinje ndimo mmene tiana ta chambo timabisala, n'chifukwa chake bungwe la Ripple Africa, lokhazikika ku Mwaya pafupi ndi Kande, limagwira ntchito ndi makomiti a asodzi poteteza malo oterewa.

Kuwonongeka kumene kumadza ndi ntchito ya mapaipi sikuonekera tsiku lomwelo. Katapila akamakumba ngalande, nthaka yakuda yapamwamba, imene imasunga njere ndi mizu ya zomera za m'dambo, imasakanikirana ndi dongo kapena mchenga wapansi, pamene matayala a magalimoto olemera amatsendera nthaka mpaka madzi kulephera kulowa. Choopsa kwambiri, chimenenso anthu ambiri sachiganizira, n'chakuti ngalande yokwiriridwa ndi dothi lofewa imakhala ngati mtsinje wobisika: madzi amatsata paipi pansi n'kuthawa, ndipo dimba limene linkakhala lonyowa mpaka mu Okutobala limayamba kuuma mu Ogasiti, mwini wake osadziwa chifukwa. Ku Usisya, kumene mapiri amatsikira m'nyanja mwaphompho, ngalande yotere ikhoza kusanduka chigwembe mvula imodzi yokha.

Mankhwala ake ndi odziwika ndipo sadula kwenikweni. Kukumba kumayenera kuchitika m'chilimwe, nthaka yapamwamba n'kuunjikidwa payokha pamodzi ndi zitsa za udzu, kuti pokwirira ibwerere pamwamba pomwe inali. M'kati mwa ngalande mumayikidwa zotchinga za dongo lotsenderedwa motalikirana, kuti madzi asayende motsata paipi, ndipo pamwamba pamasalazidwa kuti pasakhale mtumbira wodula njira ya madzi. Zikatha izi m'pamene pamabwera kubzala, ndipo apa ndi pamene pamafunika kumvera alimi ndi oluka mphasa, amene amadziwa chomera chilichonse ndi malo ake. Bango, njedza ndi gumbwa zimagwira msanga mukadzula chitsa chokhala ndi mizu pafupi pomwepo n'kuchiwokera m'matope mvula itangoyamba. Mitengo monga katope, mkuyu ndi mbawa imalimbitsa magombe a mtsinje, koma iyenera kukhala patali ndi mzere wa paipi, kuopa kuti mizu ingaiphwanye kapena kutsekereza okonza.

Chizolowezi chobzala bulugamu paliponse pofuna kuti malo aoneke obiriwira msanga n'chosayenera m'dambo, popeza mtengo wachilendowu umamwa madzi ochuluka. Malo akasiyidwa opanda kanthu, zomera zolanda malo zimafika zokha, monga amachitira namasupuni pamadzi odikha.

Lamulo loona za chilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziunikidwe zisanayambe ndiponso kuti pakhale ndondomeko yokonza zimene zawonongeka. Vuto lagona pa nthawi, chifukwa kontrakitala nthawi zambiri amayang'anira ntchito yake kwa chaka chimodzi chokha itatha, pamene dambo limafuna madzinja angapo kuti lisonyeze ngati lachira. Choncho khonsolo ya Nkhata Bay, mafumu ndi makomiti a zachilengedwe a m'midzi ayenera kuumirira kuti ndalama zobwezeretsa madambo zilembedwe m'mgwirizano wa ntchito, ndipo gawo lomaliza la malipiro lisaperekedwe mpaka bango litaphukanso pamene anakumbapo.