Maboma a m'malire: Ntengo wa Mbalame, tsidya lina la msewu wa M1

Aliyense amene anakwerapo basi yochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre anadutsapo m'mphepete mwa boma la Tsangano, kungoti ambiri sazindikira. Mukangopitirira Dedza, msewu wa M1 umayenda pamsana pa mtunda, ndipo m'malo ambiri mpaka kufika ku Biriwiri phula lomwelo ndilo malire: kumanzere Malawi, kumanja Mozambique. Mukamayandikira Biriwiri, minda ndi zitunda zimene mumaziona pawindo la kumanja ndi za boma la Tsangano, m'chigawo cha Tete.

Bomali lili ndi madera awiri: Tsangano weniweni chakummwera, ndi Ntengo wa Mbalame chakumpoto. Kumpoto kwake kuli Angónia ndi tauni yake ya Ulongwe, kumadzulo kuli Macanga ndi likulu lake la Furancungo, kummwera kuli Moatize wa malasha uja. Munthu akamva dzina la Tete amaganiza za dzuwa loswa mtengo la m'mbali mwa Zambezi, koma kuno ndi kumtunda. Mu June ndi July nkhungu imagona m'zigwa mpaka dzuwa kukwera, ndipo anthu amapita kudimba atavala majekete. Ndi kuzizira kumeneku kumene kumalola tirigu, mapichesi ndi mbatata ya kachewere.

Kachewereyo ndi amene aMalawi ambiri amamudziwa. Pa Tsangano Turn-off kapena pa Lizulu, basi isanaime n'komwe, amayi amakhala atafika kale pamawindo ndi mabeseni pamutu. M'mbali mwa msewu ndowa zimandandalikidwa, mbatata itasanjidwa mpaka kutumphuka pamwamba, zikuluzikulu panja kuti zikope maso. Kabichi waunjikidwa, karoti wamangidwa m'mitolo, pachiwaya chipisi chikuthetheka. Katunduyu ndi wa mbali zonse ziwiri za msewu, ndipo ogulitsa amayankhula Chichewa chimodzi. Zimandiwawa kuti ulendo wa ambiri umathera pomwepo: kugula, kukwera, kumapita. Dziko limene likutidyetsali lili ndi zambiri kuposa mbatata.

Malire ake anabwera ndi pangano la Britain ndi Portugal la 1891, ndipo azunguwo anatsata pamene madzi amagawanikira. Mvula yogwa kummawa kwa mtunda imatsikira ku nyanja ya Malawi ndi ku Shire. Yogwa kumadzulo imasonkhana m'timitsinje topita ku Revúbuè, amene amakathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Madzi anagawika bwino ndithu, koma mzere womwewo unadula pakati pa mabanja, minda ndi ufumu.

Ufumuwo ndi wa Angoni a Maseko. Atabwerera kuchoka ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania, anakhazikika m'tsinde mwa phiri la Domwe ku Angónia, phiri lalitali mamita opitirira 2,000. Mfumu yawo Chikuse analamulira ali kumeneko. Mwana wake Gomani woyamba anaphedwa ndi asilikali a Britain mu 1896, ndipo lero a Maseko a ku Malawi akamasonkhana pa Umhlangano ku Nkolimbo m'boma la Ntcheu, amakumbukira mbiri imene mizu yake ili tsidya linali. Wofuna kumvetsa Ntcheu ayenera kuima pansi pa Domwe kamodzi, ayang'ane chigwa chonse chimene ng'ombe za Angoni zinkadyamo.

Koma mapiri a kuno ali ndi mbiri ina yakale kuposa ya Angoni, ndipo ili m'mapanga. Kumpoto pang'ono, mbali ya Dedza, kuli Chongoni, kumene kuli malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, amene UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Mukalowa pansi pa thanthwe ku Chencherere, ku Namzeze kapena ku Mphunzi, maso amayamba achita mdima, kenaka mizere ndi timikombero tofiira timaonekera. Zimenezo amati ndi za Akafula, alenje amene Achewa anawapeza m'dziko muno. Pamwamba pake pali zinyama zoyera za miyendo yotambasuka, zopakidwa ndi dothi, za Achewa eni ake: zina za chinamwali cha atsikana, zina za Nyau. Nkhondo ya Angoni itafika, mapiri ndi mapanga omwewa anakhala pothawira. Ndipo Gule Wamkulu amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 inamulemba ngati wa maiko atatu, Malawi, Mozambique ndi Zambia. Ku Tsangano ndi ku Macanga ng'oma zake ndi zomwezo.

Wokonda phanga lokhala ndi mathithi amadziwa za Manchewe pafupi ndi Livingstonia, pamene madzi amagwa mamita pafupifupi 125 ndipo kuseri kwake kuli phanga limene Aphoka ankabisalamo. Ku America, m'kati mwa phiri la Lookout ku Chattanooga, muli mathithi a Ruby Falls amene Leo Lambert anawapeza mu 1928. Kumeneko anakumba chikepe n'kuika magetsi amitundumitundu, ndipo alendo amalipira kuti atsike. Ndalama zotere dera ngati la Ntengo wa Mbalame likuzifuna, ndi zoona. Komabe sindingakonde kuti mapanga a mtunda uno asanduke choncho. Ambiri ndi malo a mwambo, ena ali pafupi ndi manda kapena dambwe. Mlendo ayambe waonekera kwa amfumu, apatsidwe mnyamata wa pamudzi womutsogolera, ndipo amulipire bwino. Asalembe dzina lake ndi makala pathanthwe, asawaze madzi pachojambula pofuna chithunzi chowala. Zojambula zimafufutika ndi zimenezo.

Kale anthu ankaopa kukwera mapiriwa, ndipo chifukwa chinalipo. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inasesa midzi ya kuno, anthu n'kuwolokera ku Ntcheu ndi ku Dedza. Nthawi ina Malawi inasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anthu n'kubwerera kukatsegulanso minda yawo. Mu 2015 Mozambique inalengeza kuti yamaliza kuchotsa mabomba okwirira m'malo onse amene ankadziwika.

Wopita ku Tsangano adzere pachipata cha Biriwiri kapena cha Dedza, pasipoti kapena chiphaso cha m'malire chili m'manja, osati njira zachidule za anthu a pamudzi. Misewu yolowa m'midzi ndi yafumbi, ndipo nthawi ya dzinja njinga yamoto ya kabaza imaposa galimoto yaing'ono. Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka August: matope auma, mitsinje ikadali ndi madzi, utsi wa lupsa sunaphimbe mapiri. Tengani mameticais pang'ono, ndalama za ku Mozambique, ndi chovala chotentha.