Amene Amasenza Katundu wa Alendo pa Phiri la Mulanje

Mlendo akatsika minibasi pa Chitakale ali ndi chikwama chachikulu kumsana, anyamata a kabaza sachita kumufunsa kumene akupita. Amadziwa kuti ulendo wake ndi wa ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya nkhalango ndiponso kumene njira zambiri zokwerera phiri zimayambira. Pa msika wa pa Chitakale agula mpunga, tomato, mazira ndi zinanazi, chifukwa kumtunda kulibe sitolo ngakhale imodzi. Amayi a pamsika alandira zawo, wa kabaza zake, wosema ndodo zoyendera pa Likhubula zakenso. Koma amene adzatuluke thukuta kwenikweni ndi anthu awiri: wolondolera njira, amene onse amangomutcha gaidi, ndi wonyamula katundu.

Ntchito ziwirizi ndi zosiyana, ngakhale magaidi ambiri anayambira kusenza. Wonyamula katundu amafunika msana ndi miyendo. Amakwera chitunda cha Chambe kapena cha Lichenya ndi chikwama cha mwini wake, china chake chaching'ono chili m'manja, nthawi zina atavala patapata pomwe mlendo wavala nsapato zamtengo wa malipiro ake a miyezi ingapo. Akafika pa nyumba yogona alendo, kaya ndi Thuchira, Chisepo, Sombani kapena Chinzama, mlonda wa pamenepo amakhala atasonkha moto ndi kutunga madzi. Mlonda ameneyu amatha masiku ali m'chisanu kutali ndi banja lake, ndipo alendo ambiri samukumbukira akamagawa kangachepe potsika.

Chuma cha gaidi chili m'mutu. Msodzi wa pa mtsinje wa Luangwa amayang'ana madzi n'kudziwa pamene pali mvuu ndi pamene bwato lingadutse. Gaidi wa ku Mulanje amawerenga mitambo mofananamo. Chiperoni chikayamba kukwera, dzuwa limene linali phwee limazimirira, munthu osaonanso ngakhale phazi la mnzake ali patsogolo. Miyala ya Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 yomwe ndi yayitali kuposa zonse m'Malawi, imaterera ikanyowa, ndipo pakati pake pali mapanga ndi maenje. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anakwera yekha osabwererako. Mu 2009 Gabriel Buchmann wa ku Brazil anasiya gaidi wake m'munsi n'kupitirira yekha, ndipo thupi lake linapezeka patadutsa milungu. Mwa amene anakwawa m'mapangamo pomufunafuna munali anthu a m'midzi ya m'tsinde mwa phiri, ena mwa iwo onyamula katundu omwewa.

Gaidi amadziwanso zimene akuluakulu a kuno amanena za phirili: kuti ndi malo a mizimu, kuti ukapeza chakudya panjira udye wekha osaitana mnzako, kuti pali malo osayenera phokoso. Wina akhoza kuzitenga ngati nthano, koma pamene bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi mu Julaye 2025, linayang'ana kwambiri chikhalidwe chimenechi. Amene amachifotokozera mlendo pamoto usiku ndi gaidi.

Vuto lalikulu la ntchitoyi ndi kudikira. Olembetsedwa ku ofesi ya nkhalango amatenga alendo mosinthana, ndipo anthu ofuna ntchito ndi ochuluka kuposa alendo. Miyezi ya Meyi mpaka Okutobala zinthu zimayendako; mvula ikagwa munthu amabwerera kumunda kapena kukafuna ganyu ku minda ya tiyi. Matenda a Covid-19 atatseka maulendo mu 2020 ntchito inaima, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula njira ndi kukokolola midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe. Munthu wothyoka mwendo ali pa ntchito yotere alibe penshoni, alibe inshuwalansi.

Pamene alendo asowa, phiri limaitana mwa njira ina yoipa. Mkungudza, mtengo umene unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984 ndipo sumera mwachilengedwe kwina kulikonse, unatsika phirili pamitu pa anthu, thabwa limodzilimodzi. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Ine sindingathe kuloza chala mnyamata amene anasenza thabwa kuti ana ake adye, pomwe amene analemera ndi matabwawo sanakwerepo phiri. Chimene ndikuona n'chakuti khosi lomwelo likhoza kusenza chikwama cha mlendo kapena mbande za mkungudza zimene bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust lakhala likubzalitsa, ngati malipiro ake ali okwanira kugula ufa.

Tsiku limodzi pachaka anthuwa amaonekera. Mpikisano wa Porters' Race, umene unayamba m'zaka za m'ma 1990 ngati wa onyamula katundu okhaokha, umachokera pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso, mtunda woposa makilomita 20. Ulendo umene mlendo amauyenda masiku awiri kapena atatu, opambana amaumaliza maola atatu asanakwane.

Kwina anzawo anapitako patsogolo. Ku Kilimanjaro kuli lamulo loti katundu wa mlendo asapitirire makilogalamu 20 pa munthu mmodzi, ndipo amamuyeza pa sikelo pachipata. Ku Namche Bazaar m'dziko la Nepal, tauni ya msika yomwe ili pa mamita 3,440, mabanja ambiri a Asherpa amene makolo awo ankasenza katundu lero ali ndi nyumba zawo zogona alendo. Ku Mulanje ndalama zazikulu zimatsalirabe kwa okonza maulendo a m'tauni.

Amalawi okwera phiri akuchuluka masiku ano, magulu a kumpingo, a kusukulu ndi a kuntchito. Inu mukadzapitako, tengani gaidi wolembetsedwa, musamunyengerere kuti atsitse mtengo woikika, musaunjike zikwama ziwiri pa munthu mmodzi, ndipo mumufunse musananyamuke ngati ali ndi chofunda ndi chakudya chokwanira masiku onse a ulendowo.