Kodi laisensi ya ndege ya ku South Africa imagwira ntchito ku America?

Lero tikambirana nkhani yokhudza achinyamata amene akufuna kudzakhala oyendetsa ndege. Tiyerekeze kuti mwaphunzira ku South Africa, mwatenga laisensi yoyamba ija amati PPL, ndipo mukufuna kukapitiriza ku America kuti mupeze CPL, imene imakulolani kulandira malipiro poulutsa ndege. Kodi PPL yanuyo akaivomera, kapena mukayambiranso?

Simukayambiranso ayi. Komanso simungangofika lero, mawa n'kuulutsa ndege yawo.

Chifukwa chake n'chakuti laisensi imayendera limodzi ndi dziko limene ndegeyo inalembetsedwa. Mukayang'ana pathupi pa ndege mumaona zilembo: za ku South Africa zambiri zimayamba ndi ZS, za ku Malawi ndi 7Q, za ku Zambia ndi 9J, za ku America ndi N. Laisensi ya SACAA, bungwe loona za ndege ku South Africa, ndi ya ndege zolembetsedwa kumeneko. Chomwe chimathandiza n'chakuti mayikowa onse ali m'bungwe la ICAO, lomwe linabadwa pa mgwirizano wa ku Chicago mu 1944, ndipo amatsata muyezo umodzi popereka malaisensi. N'chifukwa chake dziko lina limatha kukhulupirira maphunziro anu.

Ku America bungwe lake ndi FAA, ndipo lamulo lake ndi 61.75. Mumayamba ndi kupempha ofesi yawo ya ku Oklahoma City kuti itsimikize laisensi yanu. Iwo amafunsa ku SACAA ngati laisensiyo ndi yeniyeni komanso ngati ikugwirabe ntchito. Zimatenga nthawi, choncho yambani patatsala miyezi itatu kuti munyamuke. Akayankhidwa amakupatsani kalata yomwe imagwira ntchito miyezi 6 basi. Kalata ili m'manja, mumakaonekera kwa a FAA kapena woyesa amene anamuvomereza, mumasonyeza kuti Chingerezi mumachitha, ndipo amakupatsani chiphaso cha PPL cha ku America osalemba mayeso. Musanaulutse ndege panokha mumayenera kuuluka kaye ndi mphunzitsi wa kumeneko, zomwe amati flight review.

Tsopano apa mvetserani bwino. Chiphaso chimenechi si choima pachokha. Zili ngati mmene timalowera pa apu ina pogwiritsa ntchito akaunti ya Google: akaunti ya Google ikatsekedwa, kunjaku nakonso simulowa. Chiphaso cha FAA chija chimadalira laisensi ya SACAA. Ikangotha nthawi kapena kuimitsidwa, cha ku America nachonso chaima pomwepo, ndipo pouluka muyenera kunyamula zonse ziwiri. Ganizirani kuti muli ku Florida, mwalipira kale sukulu ndi lendi, kenako mukuzindikira kuti laisensi ya kumene munachokera yatha. Choncho musananyamuke onani madeti onse, a laisensi ndi a chiphaso cha dokotala, ndipo funsani a SACAA mmene mudzaiwonjezerere nthawi muli kunja.

Chinanso, malire onse a laisensi yoyamba amakutsatirani. Ku South Africa kuuluka usiku kumafuna night rating yapadera. Ngati mulibe, chiphaso cha FAA chija sichikupatsani mphamvu imeneyo, ngakhale kuti anzanu amene anatengera PPL ku America komweko amauluka usiku.

Nkhani yabwino ndi iyi: chiphasocho n'chokwanira kuti muyambire maphunziro apamwamba. Mukhoza kuchita instrument rating, yomwe ndi kuuluka modalira zipangizo za m'ndege pamene kunja sikukuoneka, ndipo mukakhoza amalemba pachiphasocho kuti mayeso ake munakhozera ku America. Maola amene munauluka ku South Africa nawonso amawerengedwa pa maola 250 amene FAA imafuna pa CPL mukadzera njira ya Part 61. Apa logbook yanu ndi chuma. Ikhale yolembedwa bwino, yosainidwa ndi aphunzitsi, ndipo ijambuleni tsamba lililonse n'kusunga malo awiri. Kumbukiraninso kuti kalata ya miyezi 6 ija woyesa adzaifuna, ndiye ikatha mupemphe ina nthawi ikadalipo. Mukakhoza mayeso a CPL, olemba ndi ouluka omwe, laisensi imeneyo ndiye yoima payokha. Sidaliranso ya SACAA.

Palinso zitseko ziwiri zomwe si za FAA. Choyamba ndi viza. Ya alendo si yophunzirira. Masukulu ambiri a ndege amagwiritsa ntchito M-1, ndipo sukulu yovomerezeka ndi imene imakutumizirani fomu ya I-20. Chachiwiri ndi TSA. Chichitikireni chiwembu cha pa 11 September 2001, mlendo aliyense amafufuzidwa kaye ndi kudinda zala asanayambe instrument rating kapena maphunziro a ndege ya injini ziwiri.

Kwa inu amene maso ali ku Britain kapena ku European Union, masukulu a kumeneko amalola munthu wa PPL yotsata muyezo wa ICAO kuyamba CPL pa njira ya modular, yophunzira pang'onopang'ono. Koma dziwani kuti kuyambira mu January 2021 Britain inatuluka mu EASA, ndiye laisensi ya UK ndi ya European Union tsopano ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Ndiye musanatumize ndalama ku sukulu iliyonse, dzifunseni kuti ntchito mukufuna kudzagwira kuti. CPL ya FAA ndi ya ndege za N. Mukadzafuna kuulutsa za ZS kapena za 7Q, mudzayenera kuisintha potsata malamulo a dzikolo, ndipo nthawi zambiri pamakhala mayeso ena ndi ndalama zina. Funsani bungwe la dzikolo, yankho likhale lolembedwa, kenako musankhe sukulu.