Khunyu ndi mapangidwe a ubongo mwana asanabadwe

Ku Livingstone, monganso m'madera ambiri a Zambia, matenda a khunyu amadza kawirikawiri chifukwa cha malungo a mu ubongo, kubanika pobadwa kapena mphutsi za nyongolotsi zochokera ku nkhumba, koma alipo ana ena amene gwero la vuto lawo linakhazikika iwo akali m'mimba. Kuyambira mwezi wachitatu kufikira wachisanu mayi ali woyembekezera, maselo a ubongo amapangidwa mkatikati, pafupi ndi timphako tosunga madzi, kenako amasamukira cha kunja kumene amasanjikizana m'magawo 6. Maselo akaima panjira amaunjikana pamalo olakwika, zimene madokotala amazitcha heterotopia, ndipo kusamukako kukalephereka kwambiri ubongo umakhala wosalala, wopanda makwinya ake, vuto lotchedwa lissencephaly.

Mtundu wofunika kuumvetsa kwambiri ndi focal cortical dysplasia, umene David Taylor ndi anzake anaufotokoza ku England mu 1971. Pamenepa kachigawo kochepa chabe ndiko kamakhala ndi maselo osayalana bwino, ena aakulu mopitirira muyeso, ndipo kamatulutsa mphamvu zonga zamagetsi mosalongosoka mpaka mwanayo kukomoka kapena kugwedezeka mbali imodzi ya thupi. Bungwe la WHO limati odwala 70 mwa 100 alionse angathe kuleka kugwa atalandira mankhwala oyenera, monga phenobarbital kapena carbamazepine, komabe ana amenewa nthawi zambiri amagwera m'gulu lotsalalo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mankhwala akakanika abale amathamangira kunena za ufiti kapena kuloza mayi chala, chonsecho maselowo anasokera iye asanamve n'komwe mwana akugunda bwino m'mimba.

Kachigawo kotere sikaoneka kawirikawiri pa makina a CT. Pamafunika MRI pamodzi ndi EEG, yomwe imalemba mafunde a ubongo, ndipo m'maiko amene opaleshoni yochotsa kachigawoko imachitika ana ambiri amalekeratu kugwa. Zambia inayamba kuphunzitsa akatswiri ake a ubongo mu 2018 ku University Teaching Hospital ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 470 kuchokera ku Livingstone, ulendo wodula kwa banja losauka. Ngakhale zili choncho, mwana amene wayamba kugwa asanakwanitse chaka, amene akuchedwa kukhala pansi kapena kuyankhula, kapenanso amene mitundu iwiri ya mankhwala yamukanika ngakhale akumwa mwandondomeko, ayenera kulemberedwa kalata yokaonana ndi akatswiriwo msanga, chifukwa kukomoka kobwerezabwereza kumabweza m'mbuyo kakulidwe ka ubongo wa mwana wamng'ono.