Mphunzitsi wa kimika akapita kukaphunzira ku Maputo, kodi adzabwerera ku Furancungo?

TETE. Mu Januwale 2015 anthu 75 anamwalira ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, atamwa pombe pa mwambo wa maliro. Mbiri inawanda m'chigawo chonse yoti wina anathira ndulu ya ng'ona m'mowamo. Panapita miyezi yambiri chilungamo chisanadziwike, ndipo mowa ndi ufa wotsala zinachita kutumizidwa ku America kuti akaziyeze. Mu Novembala chaka chomwecho a zaumoyo analengeza kuti munalibe ndulu. Anapezamo poizoni wotchedwa bongkrekic acid, amene amapangidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, ta mtundu wa Burkholderia gladioli, tomwe tinaswana mu ufa wa chimanga woonongeka.

Ntchito yopeza poizoni wotere m'chikho cha mowa ndi ya anthu ophunzira Química, phunziro limene ana a sukulu kuno amalitcha kimika, pamene kutsidya ku Ntcheu ndi ku Dedza amati kemisitiri. Katswiri aliyense wa ntchitoyi anayambira pa benchi ya sukulu ya sekondale, ndipo n'chifukwa chake nkhani ya amene akuphunzitsa kimika ku Tsangano ndi ku Macanga ikukhudza ngakhale kholo limene silinapondeko kalasi.

Kusowa kwa aphunzitsi a phunziroli kuli ndi mbiri yake. Dziko litalandira ufulu mu 1975, aphunzitsi ambiri a Chipwitikizi anachoka. Pa 8 Malichi 1977 Pulezidenti Samora Machel anaimitsa makalasi omaliza a sekondale, ndipo anyamata ndi atsikana ambiri anatumizidwa kukaphunzira uphunzitsi mofulumira. Kenaka nkhondo inafika kumalire kuno, masukulu anatsekedwa, mabanja anathawira ku Malawi mpaka mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Sukulu yaikulu yosula aphunzitsi a sekondale, Instituto Superior Pedagógico, inakhazikitsidwa ku Maputo mu 1985, ndipo mu 1995 inasanduka Universidade Pedagógica. Mu 2019 boma linaigawa m'mayunivesite asanu. Zigawo za Tete ndi Manica zinagwera Universidade Púnguè, imene likulu lake lili ku Chimoio ndipo nthambi yake ili mumzinda wa Tete.

Amene akufuna kukhala mphunzitsi wa kimika amaphunzira zaka 4 kuti atenge licenciatura. Pamwamba pake pali mestrado, ya zaka 2, pamene munthu amayamba kufufuza yekha m'laboratole ndi kulemba zimene wapeza. Ambiri ofuna maphunziro otere amalunjika ku Maputo, kumene kuli Universidade Eduardo Mondlane, mtunda wa makilomita oposa 1,500 kuchokera ku Tete. Kwa mphunzitsi wa banja, wokhala ndi munda ku Ntengo-Wambalame kapena ku Chidzolomondo, ulendowu ndi wolemera.

Ena amafunsa kuti maphunziro onsewa ndi a chiyani kwa munthu wophunzitsa ana a kalasi 8. Yankho lili pa thumba la feteleza. Mlimi wa kachewere ku Tsangano amagula thumba la makilogalamu 50 lolembedwa 12-24-12. Manambalawo akutanthauza kuti m'thumbamo muli makilogalamu 6 a nayitirojeni, 12 a fosifeti ndi 6 a potashi. Thumba la yureya lolemera chimodzimodzi lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni, chifukwa yureya ndi 46 pa 100 alionse. Koma yureya akangomwazidwa pamwamba pa nthaka osakwirira, gawo lina la nayitirojeniyo limauluka ngati mpweya wa amoniya, ndalama ya mlimi n'kupita nayo. Nthaka ikakhala ndi asidi wambiri, imagwira fosifeti ndipo mizu siimupeza, mpaka mlimi atathira laimu. Mphunzitsi woloweza buku amalemba zizindikiro za N, P ndi K pa bolodi, ana n'kukopera. Amene anazama amabwera ndi thumba lopanda kanthu m'kalasi, ndipo madzulo mwana amawerengera bambo wake zimene anagula.

Ku Macanga, kumene fodya ndiye ndalama, mabanja amasunga mankhwala opopera m'nyumba momwe amagona, ndipo mabotolo ake akatha ena amathiramo mafuta ophikira kapena mchere. Kutsuka ndi madzi sikuchotsa mankhwala onse, popeza ena amalowerera m'pulasitiki. Zimenezi mwana wa kalasi 9 angathe kuzimvetsa, ngati pali womufotokozera chifukwa chake.

N'zoona kuti masukulu ambiri a kumidzi alibe laboratole. Komabe apa m'pamene mphunzitsi wozama amaonekera. Chidulo chimene amayi amachezera ku phulusa pophika therere chili ndi mphamvu yotsutsana ndi asidi. Madzi a mandimu ali ndi asidi. Madzi owiritsira kabichi wofiira amasintha mtundu akathiridwa chimodzi mwa ziwirizi: mandimu amawafiiritsa, chidulo chimawabiriwitsa. Ndi zinthu zitatu zokhazi kalasi lonse limaona ndi maso zimene buku limafotokoza m'masamba angapo a Chipwitikizi chovuta.

Chodandaulitsa n'chakuti dipuloma yomweyo imene imakweza mphunzitsi ndi imene imamutsegulira njira yochokera kumudzi. Wa licenciatura amakwera pa mlingo wa docente N1 ndipo malipiro ake amakula. Wa mestrado amafunidwa ndi mayunivesite, Instituto Superior Politécnico de Tete, ngakhalenso makampani a malasha ku Moatize. Palibe angamudzudzule posankha nyumba ya magetsi ndi chipatala chapafupi. Koma boma la Tsangano kapena la Macanga likamasula mphunzitsi kuti akaphunzire, ana amakhala zaka akumudikira, nthawi zina kimika ikuphunzitsidwa ndi munthu amene anasulidwa pa phunziro lina.

Makolo ali ndi mpando mu conselho de escola, ndipo bungweli lili ndi ufulu wofunsa kwa a direkitala ndi ku ofesi ya maphunziro ya boma lawo, SDEJT, kuti wophunzitsa kimika pasukulu pawo anaphunzira chiyani, amene anapita kukaonjezera maphunziro adzabwera chaka chiti, ndiponso ngati pasukulupo pali nyumba yoti adzafikiremo.