Bodi yakale pa chasisi yatsopano: zimatheka bwanji?

Mukaima m'mbali mwa msewu wochokera kudoko la Mposa, pa nyanja ya Chilwa, mudzaona mapikapu a matola akudutsa atalemedwa ndi madengu a matemba, matumba a mpunga, anthu atakhala pamwamba pa katunduyo. Ena mwa magalimotowa ndi akale kuposa inu. Ndiye tiyerekeze kuti pikapu ina yatheratu kunsi, koma pamwamba ikuonekabe bwino. Kodi makanika angachotse bodi yakeyo n'kuikhazika pa chasisi ya galimoto ina yatsopanoko? Zimatheka ndithu, koma osati pa galimoto iliyonse, ndipo si nkhani yongonyamula n'kumanga mabawuti basi.

Tsiku lina mudzagwade n'kusuzumira pansi pa Toyota Hilux itaima. Mudzaona zitsulo ziwiri zikuluzikulu zochokera kutsogolo mpaka kumbuyo, zolumikizidwa ndi zina zopingasa ngati makwerero ogonekedwa pansi. Imeneyo ndiye chasisi. Injini, giyabokosi, masipuling'i ndi thanki ya mafuta zonse zimamangiriridwa pamenepo. Bodi, kutanthauza mokhala dalaivala muja ndi bokosi la katundu kumbuyo, imangokhala pamwamba, yogwidwa ndi mabawuti. Mukamasula mabawutiwo, mawaya, mapaipi ndi chiwongolero, bodi imanyamulika. Koma Sienta kapena Corolla ilibe makwerero amenewa. Bodi yake ndiyo mafupa ake omwe, ngati chigoba cha kamba, moti palibe choti mulekanitse.

Nanga n'chifukwa chiyani chasisi imatha msanga? Dzimbiri. Chitsulo chikakumana ndi madzi komanso mpweya wa okosijeni chimadyeka, ndipo mchere umafulumizitsa zimenezi. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, n'chifukwa chake madzi ake ndi amchere pang'ono. Galimoto yomwe imalowa m'matope a kudoko, matopewo amakakamira m'ngodya za chasisi n'kusunga chinyezi kwa nthawi yaitali, pamalo pomwe mwini wake sayang'ana n'komwe.

Chitsanzo chabwino ndi Land Rover, yomwe inayamba kupangidwa mu 1948 ku Britain. Chitsulo chinali chosowa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, choncho bodi yake anaipanga ndi aluminiyamu, chasisi n'kukhala yachitsulo. Aluminiyamu imadzipangira kakhungu kopyapyala komwe kamaiteteza, ndiye pakatha zaka makumi angapo bodi imakhala ilipobe pomwe chasisi yabooka. Eni ake ambiri amagula chasisi yatsopano yokutidwa ndi zinki, monga amakutira malata a padenga, n'kusamutsira bodi yakale ija pamenepo. Ku America okonda magalimoto akale amatenga bodi ya pikapu ya Chevrolet ya m'ma 1950 n'kuikhazika pa chasisi ya Chevrolet S-10, kuti apeze mabuleki ndi chiwongolero zamakono.

Ntchito imayamba ndi tepi yoyezera. Choyamba kuyeza ndi mtunda wochokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, womwe pa Chingerezi amati wheelbase. Land Rover zakale zinalipo za mainchesi 88 ndi za mainchesi 109, kusiyana kwake masentimita 53. Bodi ya yaifupiyo mukaiika pa chasisi ya yaitaliyo, matayala akumbuyo sagwera m'malo mwake. Kutambalala kwa matayala nako kuyenera kugwirizana ndi bodi, apo ayi tayala lizikhula bodi pokhota.

Kenako malo omangira. Mabowo a bodi yakale sakumana ndi a chasisi ya mtundu wina, ndiye pamafunika kupanga zogwirira zatsopano. Pakati pa bodi ndi chasisi pamakhala mphira, ndipo musaiyese yokongoletsa. Tayala limodzi likagwera m'dzenje, chasisi imapotoka pang'ono n'kubwerera. Mphira ija imalola kupotokako popanda kung'amba bodi. Wowotcherera bodi mwachindunji pa chasisi amaona ming'alu posachedwa.

Apa pali cholakwa chomwe chimaoneka chaching'ono koma n'choopsa: kuboola kapena kuwotcherera chasisi paliponse. Tengani rula yapulasitiki, muisanjike pakati pa mabuku awiri ili chogona, muidinikize pakati. Ipindika mosavuta. Muiimike cham'mbali, muidinikizenso. Yalimba, eti? Zitsulo za chasisi zinaimikidwa chomwecho. Chitsulo chikamapindika, mbali imodzi imakokedwa, inayo imapanikizidwa, ndipo mphamvu zambiri zimakhala m'mphepete mwa pamwamba ndi pansi, pomwe chapakati pamakhala pochepa. N'chifukwa chake mabowo ambiri a kufakitale mumawaona m'mbali mwa chitsulocho. Bowo la m'mphepete mwa pansi ndi poyambira mng'alu, ndipo mng'aluwo umakula pang'onopang'ono pa bampu iliyonse mpaka tsiku lomwe galimoto yadzaza.

Tsopano masamu a moment aja mumaphunzira mu fizikisi. Tinene kuti wheelbase ndi mamita 3, ndipo bokosi lakalelo ndi lalitali moti latulukira kumbuyo. Matumba a makilogalamu 600 akhala theka la mita kuseri kwa ekiselo yakumbuyo. Ekiseloyo yasanduka pivot, ngati pa katungwe wa thabwa. Chulukitsani 600 ndi 0.5, mupeza 300. Gawani ndi 3, mupeza 100. Ndiye kuti matayala akutsogolo apepukidwa ndi makilogalamu 100, pomwe akumbuyo asenza 700, kuposa katundu yemwe mwakwezayo. Matayala akutsogolo ndi omwe amawongolera galimoto komanso kugwira ntchito yaikulu ya mabuleki. Akapepuka, dalaivala amakhotetsa chiwongolero koma galimoto imachita ngati sikumva.

Kutalika nako n'chimodzimodzi. Makanika ena, bodi ikakana kukhala bwino chifukwa injini ikugunda, amangoikweza ndi zitsulo zoikira pansi. Akatero centre of gravity, malo omwe kulemera konse kumakhala ngati kwasonkhana, imakwera. Onjezanipo matumba ndi anthu khumi pamwamba. Galimoto yotere ikapendekeka pang'ono pakona kapena m'mbali mwa ngalande, kulemerako kumatuluka kunja kwa matayala, basi yagubuduka. Kunena zoona, pa zonse tatchulazi, ichi ndi chomwe chimandiopsa kwambiri, chifukwa okwera kumbuyo alibe lamba kapena denga.

Chotsala ndi lamulo. Galimoto iliyonse ili ndi nambala yake, yomwe pa magalimoto ambiri opangidwa kuyambira m'ma 1980 imakhala ya zilembo ndi manambala 17, ndipo pa pikapu imadindidwa pa chasisi penipenipo. Nambala imeneyi ndi yomwe imalembedwa m'mapepala a galimoto ku Road Traffic. Mukasintha chasisi, nambala ya pachitsulo ndi ya papepala zimasiyana, ndipo wapolisi wa pamsewu akhoza kuganiza kuti galimotoyo ndi yakuba. Choncho mwini wake ayenera kukafunsa ku Road Traffic asanamasule bawuti ngakhale limodzi, asunge mapepala a magalimoto onse awiri, ndipo ntchito ikatha galimotoyo ikayezedwe kuti ipeze COF isananyamule munthu.