Digiri ya Bizinesi ndi Thumba la Banja

Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo m'masiku amenewo makolo athu ankadziwa njira imodzi yokha: mwana akavala mkanjo wa digiri, ntchito inkamudikira m'boma, kumigodi kapena m'makampani a boma. Njira imeneyo inatsekeka ife tikuona. Boma la a Frederick Chiluba litalowa mu 1991 linayamba kugulitsa makampaniwo. Zambia Airways inatha mu 1994, mabasi a UBZ anaima mu 1995, ndipo pofika mu 2000 migodi ya ZCCM inali m'manja mwa ena. Abambo ambiri a ku Matero ndi ku Chawama anabwerera kunyumba kalata ili m'manja, natsegula kantemba pakhomo popanda wowaphunzitsa.

Ana a abambo amenewo tsopano ali ndi owaphunzitsa. Yunivesite ya Copperbelt ku Kitwe, imene inakhazikitsidwa mu 1987, ili ndi sukulu ya bizinesi. Yunivesite ya Katolika ku Kalulushi, imene maepiskopi athu anatsegula mu 2008, nayonso imaphunzitsa za malonda.

Kodi amaphunzirako chiyani chimene amayi ogulitsa tomato ku Soweto Market sachidziwa? Funsoli timalimva kawirikawiri m'miphakati, ndipo silopanda nzeru. Amayiwo amadziwa nkhope ya wogula ndi nyengo ya mitengo kuposa buku lililonse. Koma taganizirani mmisiri wowotcherera zitsulo m'mbali mwa Alick Nkhata Road ku Kalingalinga. Akapanga geti amawerengera chitsulo ndi penti, nkuika pang'ono pamwamba, nkumati wapindula. Wophunzira amauzidwa kuwerengeranso lendi, magetsi, kutha kwa makina, galimoto yonyamula katundu ndi malipiro a iye mwini. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo mafuta a jenereta analowa mumtengo wa geti lililonse, kaya mmisiri anawalemba kaya sanawalembe. Amaphunziranso kulembetsa bizinesi ku PACRA, kutenga nambala ya msonkho ku ZRA ndi kulemba dongosolo la malonda. Mapepala amenewa si okongoletsera khoma. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni dera lililonse la phungu, ndipo gawo lina ndi lothandiza achinyamata ndi amayi kuyamba malonda. Wopanda mapepala amaima kunja kwa mzere.

Komabe phunziro lalikulu pa onse ndi lalifupi kwambiri: bizinesi ili ndi thumba lakelake, losiyana ndi thumba la mwini wake. Mphunzitsi amalimaliza m'ola limodzi. Kuti likhale ndi moyo ku George kapena ku Mtendere, zimenezo zili kwa ife apabanja.

Tonse tikudziwa mmene zimachitikira. Mtsikana wathu watsegula golosale. Amalume atenga shuga kuti adzalipira kumapeto kwa mwezi. Azakhali atuma mwana kukatenga mafuta ophikira, poti ndi za mwana wathu. Kwagwa maliro kumudzi, maso onse ali pa iye amene anaphunzira. Palibe amene waba, palibe amene wafuna choipa, koma pakutha miyezi isanu ndi umodzi mashelefu ayera ndipo mtsikana uja wapita kukatenga kaloba kuti akapikule katundu wina. Pamenepo timapukusa mitu nkumati sukulu sinamuthandize. Chimene tinadya sichinali phindu ayi. Unali mpamba, mbewu ya chaka chamawa.

Ena adzatikumbutsa Lamulo Lachinayi, lolemekeza atate ndi amayi. Lamulolo timaliphunzitsa ndithu, ndipo mwana woiwala kwawo alibe chowiringula. Koma thandizo lake lichokere m'malipiro amene wadzilembera pamwezi, ngakhale achepe, osati m'kabati ya malonda. Akatiuza kuti alemba m'buku zimene tatenga, tisamuyese wamwano. Akuchita zimene tinamulipirira kuti akaphunzire.

Chodabwitsa nchakuti mwambo umenewu tili nawo kale. Pa chilimba palibe amene amadumpha mzere chifukwa cha ubale. M'magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama a SILC, amene bungwe la Catholic Relief Services linafalitsa, ndalama za mavuto monga matenda ndi maliro zimasungidwa padera, za ngongole paderanso, ndipo zonse zimalembedwa anthu akuona. Amayi omwewo amene sangalole kuti ngwee imodzi isowe m'bokosi la gulu ndi amene amatambasula dzanja m'golosale ya mwana osafunsa mtengo.

Ngakhale ife a m'makomiti a tchalitchi nkhaniyi ikutikhudza. Tikapatsa wachinyamata wa m'parishi ntchito yosoka mayunifomu a kwaya kapena yokonza mabenchi, timulipire mtengo wonse, tsiku limene tinapangana, osayamba tamupempha kuti theka likhale chopereka.